Zimene Pilato Ankadziwa Kale

Achimwene anga adamwalira mu Julayi chaka cha 1996, ndipo popeza pabanja pathu wopitako patali ndi sukulu ndidali ine, akuluakulu adandisenzetsa ntchito yolemba ndi kuwerenga mbiri ya malemu. Ndidailemba usiku pa siwa, koloboyi ali pambali, amayi a mpingo akuimba m'nyumba. Kutacha ndidaima pamaso pa khamu ndi kutchula zonse mwa dongosolo lake: tsiku lobadwa, sukulu, ubatizo, ukwati, zaka khumi ndi chimodzi zoyendetsa galimoto za katundu pa msewu wa ku Tete ndi Harare, ana atatu osiyidwa. Pofika pa matenda ndidati malemu adavutika ndi chifuwa kwa nthawi yaitali. Chifuwacho adali nachodi, ndipo palibe liwu limodzi labodza limene lidatuluka pakamwa panga tsiku limenelo. Koma ine ndidali m'chipinda muja pamene dokotala ankatiuza chimene chidapezeka m'magazi mwawo. Alamu anga, amene adakhala pamphasa patsogolo panga atafunda chitenje kumutu, m'chipindamo sadalowemo, ndipo palibe adawauza.

Patapita zaka ziwiri alamuwo adakwatiwanso ndi bambo wina wofatsa, mmisiri wa matabwa. Adabereka mwana mmodzi amene sadakwanitse chaka. Alamu adatsikira kuli chete mu 2001, ndipo mmisiriyo adawatsatira pasanathe zaka ziwiri. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma ku Malawi mu 2004, manda onse atatu atamera kale udzu. Sindidzinamiza kuti pakamwa panga pakadachiritsa alamu anga, pakuti nthawi imeneyo chowachiritsa padalibe. Koma mmisiri uja adalowa m'nyumba yoyaka moto, ine woona utsi ndili chiimire, ndipo pa ukwati wawo ndidapereka mphatso ya mbale zisanu ndi imodzi.

Chimene chimandichititsa manyazi koposa n'chakuti zaka zomwezo ndizo ndidatchuka nazo pa mpingo ngati munthu wokonda choonadi. Mtsutso wa za tsiku la Sabata ukabuka m'basi, ine sindinkatsika ndisadagonjetse mnzanga. Za ubatizo wa makanda, za nyama ya nkhumba, za kupemphera kudzera mwa oyera mtima, zonse ndidali ndi mavesi ake pa nsonga ya lilime. Munthu akadandifunsa kuti ndikufunafuna chiyani m'moyo, ndikadayankha mosaphethira kuti ndikufuna choonadi cha Mulungu. Lero ndimakhulupirira kuti ambiri a ife Akhristu, pamene tikuti tikufunafuna choonadi, timakachisaka kutali dala, kumene sichingatidye kanthu, chifukwa chimene chili pakhomo tikuchidziwa kale ndipo mtengo wake tauona.

Chilankhulo chathu chomwe chimatitsutsa pa nkhani imeneyi. Liwu lakuti choonadi, limene anzathu a ku Zambia ndi ku Mozambique amalemba coonadi monga lidalembedwera m'Buku Lopatulika la 1922, lidaphuka pa tsinde la kuona. Choona ndi chinthu cha kuona, ndipo kachidutswa ka -di kamangokhomerera msomali kuti chisagwedezeke. Makolo athu sankakhulupirira za m'maluwa. Pa bwalo la milandu ankafuna mboni yoona ndi maso, ndipo kandimverere ankamuseka. Chigiriki cha Chipangano Chatsopano chili ndi liwu lakuti aletheia, limene tanthauzo lake likuyandikira ku chinthu chosabisika. Chihebri chili ndi emet, lonena za chinthu chokhazikika chimene munthu angachitsamire osagwa, ndipo ndi la banja limodzi ndi Amen amene timatsekera naye pemphero. Koma chimene chimandigwira mtima ndi kalankhulidwe ka pakhomo. Mayi akapeza ndiwo zachepa mumphika sauza mwana kuti nena choonadi. Amati nena chilungamo. Pakamwa pa anthu wamba, kunena zoona ndi kuchita zolungama zidalukana n'kukhala chingwe chimodzi, ndipo ine ndikuganiza kuti amayi athu adamvetsa zaumulungu kuposa ife a mitsutso ya m'basi. Munthu angathe kulankhula mawu oona okhaokha, monga ndidachitira pa maliro paja, chilungamo osachinena.

Pontiyo Pilato ndi munthu wa m'mbiri yeniyeni. Adalamulira Yudeya m'dzina la Aroma kwa zaka pafupifupi khumi, ndipo mu 1961 ofukula za m'mabwinja adapeza mwala wolembedwa dzina lake ku Caesarea. Timamukumbukira chifukwa cha funso lake la mu Yohane 18, lofuna kudziwa kuti choonadi ndi chiyani, ndipo alaliki ena amamujambula ngati wanzeru wothedwa mphamvu, amene adasanthula ziphunzitso za anthu zonse osapezamo pogwira. Ine sindimuona choncho. Mlembi wa Uthenga akutionetsa kuti atangofunsa adatulukanso kunja, yankho osalidikira. Ndipo zimene adakanena kunjako n'zodabwitsa: katatu konse adalengeza kuti sadapeze mlandu mwa munthuyo. Pa funso limene lidali pa tebulo lake m'mawa umenewo, lakuti womangidwayu ndi wolakwa kapena ayi, Pilato sadali mumdima konse. Adayamba kugwedezeka pamene khamu lidamukumbutsa za Kaisara, kuti womasula munthu wodzitcha mfumu sangakhale bwenzi la mfumu ya ku Roma. Pamenepo adawerengera mpando wake, malipiro ake ndi khosi lake, n'kuitanitsa madzi osamba m'manja monga Mateyu akusimbira.

Funso lake lalikulu lija lidali pothawira. Munthu akapanikizidwa ndi choona chaching'ono chimene chikumufuna kuti achitepo kanthu lero, amathamangira ku funso lalikulu limene silidzatha kukambidwa. Timamva zomwezo m'mabwalo a mipingo msungichuma akasowetsa ndalama za denga: wina amadzuka n'kunena kuti wodziwa zoona zake ndi Mulungu yekha, ife ndife yani kuti tiweruze. Mawuwo amamveka odzichepetsa, koma malisiti ali pa tebulo pomwepo ndipo aliyense wawaona.

Amene tidali akuluakulu kale mu 1992 tikukumbukira Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, pa 8 Marichi, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi awo m'Malawi monse. Ine sindine wa mpingo umenewo. Ndidaiwerenga patapita masiku angapo, usiku, itabwera m'thumba la ufa. Idakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, za kuperewera kwa sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha oletsa munthu kunena maganizo ake. Nditafika kumapeto ndidazindikira kuti mudalibe chachilendo ngakhale chimodzi. Mlimi wa fodya pa esiteti ankadziwa malipiro ake. Mkazi amene mwamuna wake adatengedwa usiku kupita ku Mikuyu ankadziwa kuti mlandu sudazengedwe. Za nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene adafera ku Mwanza mu Meyi 1983, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto, anthu ankanong'onezana kalekale zimene bungwe lofufuza lidadzatsimikiza mu 1995, kuti adachita kuphedwa. Dziko lonse linkaona, koma aliyense ankaona payekha, pakamwa atatseka.

Maepiskopiwo adangonena mokweza zimene zinkanenedwa m'kapu ya madzi, ndipo mtengo wake udaoneka msanga. Adaitanidwa kupolisi ku Blantyre kukafunsidwa kwa maola ambiri. Kalatayo idatchedwa youkira boma, kotero kuti kupezeka nayo kudali mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa, ndipo Bambo John Roche, wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adapitikitsidwa m'dziko. Mipingo ina idawaima kumbuyo, ina idayamba yayang'ana kumene mphepo ikulowera, ndipo mpingo wanga sudali pakati pa ofulumira. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adavotera ndale za zipani zambiri. Sindikunena kuti zimene zidatsatira zonse zidali zokoma. Tonse tikudziwa kuti mabodza adangosintha malaya. Ndikungoonetsa kuti chimene chidasowa kwa zaka makumi atatu sichidali chidziwitso.

Palinso anthu ena amene adalipira kale mtengo umenewu ife tisadayambe n'kuganiza komwe. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo amachitcha choonadi, adakana kugula khadi la chipani. Adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa, ena atamenyedwa mpaka kufa. Pa ziphunzitso zingapo ine ndi iwo sitimwerana madzi, ndipo kuzunzika kwa munthu sikutsimikiza kuti chiphunzitso chake n'cholondola. Koma ife amene tinkawagonjetsa ndi mavesi tidali ndi khadilo m'thumba la malaya, ndipo ambiri a ife sitinkakhulupirira zolembedwa pamenepo. Tinkaligula kuti tilowe mumsika ndi kukwera basi. Funso la amene adali ndi chiphunzitso choona ndi lina. Funso la amene mawu ake ndi moyo wake zidali chinthu chimodzi lidayankhidwa pa zipata za misika.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa chikhulupiriro cha Chikhristu ndi sukulu ya nzeru za anthu. Yesu sadadzionetse ngati mphunzitsi wosunga choonadi m'kabati kuti azigawira ophunzira okhoza mayeso. Mu Yohane 14 akunena kuti choonadicho ndi iye mwini. Tsono ngati choonadi ndi munthu wamoyo, palibe mpingo umene ungachitsekere m'bokosi n'kusunga kiyi, ndipo palibe Mkhristu angati ndachipeza, ndamaliza. Munthu wamoyo umachita kumutsata, ndipo amakulowetsa m'njira zimene sudasankhe. Pilato adali ataima maso ndi maso ndi yankho la funso lake, koma ankafuna tanthauzo la liwu, pamene choonadicho chidali chitamangidwa manja patsogolo pake chikudikira kuti iye achite nacho chiyani. Kawirikawiri chimabwera chotero: chopanda mphamvu, chosavuta kuchipereka kwa khamu, chovala nkhope ya munthu amene tsogolo lake lili pakamwa pako.

Njala yofuna kudziwa zobisika si yachilendo pakati pathu. Makolo athu munthu akafa mosadziwika bwino ankamwetsa mwavi, khungwa la mtengo waululu: wosanza ankayesedwa wosalakwa, wofa nawo ndiye mfiti. Boma la atsamunda lidauletsa ndi lamulo la 1911, koma ludzu lake silidaphedwe ndi lamulo. Lero lidavala suti. Anthu amakwera basi masiku awiri, ena kugulitsa mbuzi, kukafuna mneneri woona za m'mimba, wotchula nambala ya foni ndi dzina la azakhali amene akuti adamanga mwayi wa banja. Ndakhalapo m'misonkhano yotere, ndipo chimene ndidaona n'chakuti choonadi choululidwa kumeneko nthawi zonse chimakhala cha munthu wina. Wokulodza ndi mpongozi, wotseka mimba ndi mkazi mnzako, wokuchotsetsa ntchito ndi mnansi. Sindidamvepo mneneri wotere akuuza bambo kuti bizinesi yako idagwa chifukwa unkadya mpamba, kapena kuti mkazi wako akudwala chifukwa cha maulendo ako. Uthenga wotero sudzaza holo. Ndipo kuloza chala kumeneku kumathera ku manda: ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Aneneri a m'Malembo ankadedwa chifukwa chala chawo chinkaloza wofunsayo.

Munthu amene adandithandiza kuganiza za izi ndi wa mu Afirika momwe muno, ngakhale wa kumpoto kwenikweni. Augustine adabadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Adakhala zaka zisanu ndi zinayi m'gulu la Amanikeo, amene ankalonjeza kufotokoza zonse ndi nzeru popanda kukakamiza munthu kukhulupirira, ndipo adatulukamo manja ali m'khosi, n'kudzabatizidwa ku Milan mu 387. Cha m'ma 420, ali bishopu wokalamba ku Hippo, adalandira kalata kuchokera kwa Mkhristu wina dzina lake Consentius. Ku Spain kudali gulu la otsatira Priscillian, limene mpingo unkaliona ngati losokera, ndipo anthu ake ankabisa chikhulupiriro chawo mwa kunama. Maganizo adalipo akuti Akhristu ena adzinamizire kukhala a gululo, alowe pakati pawo, awadziwe maina, n'kuwaulula. Ikadakhala komiti ya mpingo wa masiku ano ikadavomereza ndi m'manja. Augustine adalemba buku lathunthu lokana. Mfundo yake idali yakuti sungateteze choonadi ndi bodza, pakuti anthu akadziwa kuti umanama pofuna kuthandiza Mulungu, sadzadziwanso nthawi imene ukunena zoona za Mulunguyo. Ndimakumbukira zimenezi ndikamva umboni wokometsedwa pa guwa, wodwala malungo atasanduka wodwala khansa kuti machiritso akule, kapena chiwerengero cha otembenuka mtima chitafufumitsidwa m'lipoti lopita kwa othandiza a kunja. Timati tikukweza dzina la Ambuye, koma ana athu amene amationa kuseri ndiwo oyamba kuchoka.

Sindibisa kuti pali pamene Augustine amandilemera. Iye sankalola bodza lililonse, ngakhale lopulumutsa moyo. Za anamwino a Chihebri a m'buku la Eksodo, amene adanamiza Farao kuti asaphe makanda, adati Mulungu adawadalitsa chifukwa cha chifundo chawo osati chifukwa cha bodzalo. Abale athu a ku Angonia ndi ku Mutarara amene adapyola m'nkhondo ya ku Mozambique akudziwa mayi amene adabisa mnyamata m'nkhokwe n'kuuza onyamula mfuti kuti adapita kale. Mayi ameneyo ine sindingamuimike pa bwalo. Koma tisabisale kumbuyo kwake. Mabodza athu ambiri sabisa mwana m'nkhokwe. Amabisa ife eni.

Wina adzati ndikunyoza mwambo, chifukwa ife si anthu olasa nkhani pamphumi. Timakuluwika, timazungulira, imfa ya mfumu sitiilengeza ngati ya nkhuku, ndipo mkamwini sauza apongozi ake zonse zimene waona. N'zoona, ndipo ulemu umenewu ndi chuma. Pali anthu amene amadzitama kuti iwo sabisa mawu, pamene kwenikweni ndi amwano chabe, okonda kuona mnzawo akutuluka magazi. Mtumwi Paulo adamanga choonadi ndi chikondi pamtolo umodzi, ndipo wochotsapo chimodzi watsala ndi chibonga. Koma taonani mneneri Natani pamene adapita kwa Davide pa nkhani ya mkazi wa Uriya. Sadalowe ndi chipongwe. Adayamba ndi nthano ya munthu wolemera amene adalanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, ndendende monga nkhoswe yanzeru imayambira patali, mpaka mfumu idapsa mtima n'kugamula yokha mlandu. Pamenepo Natani adaiuza kuti munthu wa m'nthanoyo ndi iyo yomwe. Kuzungulira kwake kudali njira yofikira pakhomo. Kukuluwika kwa makolo kudali ndi kumene kukupita, ndipo womva ankatuluka atadziwa chimene wauzidwa. Kwathu kwa masiku ano kumangozungulira nyumba mpaka dzuwa kulowa. Pa maliro a zaka zija tinkati chifuwa, tinkati kanyera, tinkati tsempho, ndipo achinyamata ankabwerera kumanda osamva kanthu.

Adalipo amene adaswa mwambo wa chete umenewu. Mu 1987 Kenneth Kaunda, ali pampando wa utsogoleri wa Zambia, adauza dziko kuti mwana wake wamwamuna adamwalira ndi Edzi. Mu 1992 wansembe wa Anglican wa ku Uganda, Gideon Byamugisha, adaulula poyera kuti ali ndi kachilombo, pa nthawi imene maguwa ambiri ankalalikira matendawa ngati chilango cha achiwerewere. Nelson Mandela adachita chimodzimodzi ndi Kaunda mu Januwale 2005. Pamene ine ndinkalemba mbiri ija pa siwa, chitsanzo cha Kaunda chidali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkachidziwa. Ndipo kwa ine sikudafunike n'komwe kulengeza pa khamu. Kudafunika kukhala pansi ndi munthu mmodzi, pamodzi ndi ankhoswe, chitseko chili chotseka.

Inu amene muli kunja musaganize kuti nkhaniyi idatha ndi zaka zimenezo. Pali mbiri zina zimene timalemba tili moyo. Mnyamata wogona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi ku Johannesburg amajambulitsa atatsamira galimoto ya abwana ake, chithunzi n'kupita kumudzi. Mng'ono wake amachiona, amagulitsa ng'ombe ya amayi, n'kuuyamba wa ku Nyamapanda ndi Beitbridge kukafuna moyo umene kulibe. Mayi wosamalira okalamba ku Britain, wogwira usiku ndi usana mpaka msana kuuma, sauza abale kuti ndalama akutumizazo ndi ngongole, ndipo iwo amaonjezera zopempha poganiza kuti kumeneko ndalama amachita kutola. Bambo ali ndi banja ku Mzimba kapena ku Katete ndi lina ku Cape Town, ndipo m'mipingo yonse iwiri ndi mkulu wa mpingo. Palibe mmodzi wa anthu amenewa amene akusowa chiphunzitso. Onse angakuuzeni lamulo lachisanu ndi chinayi, kapena lachisanu ndi chitatu monga ena amawerengera. Chimene chawamanga ndi manyazi, ndi mantha akuti akadziwika monga alili adzatayidwa.

Ndipo pa bala limeneli ndi pamene Uthenga Wabwino umathira mankhwala, apo ayi ulibe ntchito. Kuuza munthu kuti usaname n'kosavuta; chipembedzo chilichonse ndi agogo alionse amatero. Chimene chikhulupiriro chathu chimaonjezera ndi chifukwa chimene munthu angalimbire mtima kuima poyera. Mkazi wa ku Samariya adakumana pa chitsime ndi mlendo amene adamuwerengera amuna ake asanu ndi wachisanu ndi chimodzi amene sadali wake. Mwa nzeru zathu akadayenera kuthawa ndi manyazi. Koma adasiya mtsuko n'kuthamangira kumudzi kukaitana anthu kuti adzaone munthu amene wamuuza zonse za moyo wake, ngati kuti ndi nkhani yokondweretsa. Idalidi yokondweretsa, pakuti kwa nthawi yoyamba wina adamudziwa kotheratu osamutaya. Petro adakana Mbuye wake katatu akuotha moto, ndipo pa moto wina m'mbali mwa nyanja adafunsidwa katatu za chikondi chake, n'kupatsidwanso ntchito. Sadauzidwe kuti zija sizidachitike. Kulapa ndiko kuvomerezana ndi Mulungu pa zimene iye akudziwa kale za iwe, ndipo munthu amatha kutero pokhapokha atakhulupirira kuti mtanda udanyamula chimene iye akuopa kuchitchula. Mpingo umene anthu ake amaopa kuulula kugwa kwawo kuposa m'mene amaopera kupitiriza kugwako, uyenera kudzifunsa ngati chikhululukiro chimene umaimba Lamulungu umachikhulupiriradi.

Sindikupeputsa mafunso a chiphunzitso, kapena kunena kuti kufufuza ndi nzeru n'kosafunika. Safunsa adadya phula. Tomasi adakana kukhulupirira za kuuka kwa akufa kufikira ataona zipsera, ndipo sadapitikitsidwe. Adakhalabe pakati pa anzake sabata yathunthu ndi chikayiko chake, mpaka adaonetsedwa. Wachinyamata wofunsa ngati Mulungu alikodi, kapena chifukwa chimene amayi ake opemphera adafera m'chipatala chopanda mankhwala, ali pafupi ndi choonadi kuposa mkulu woyankha Amen pa zimene mumtima adasiya kale kuzikhulupirira. Tomasi adanena chilungamo cha mumtima mwake pamaso pa abale, pamene kukadakhala kosavuta kungogwedeza mutu. Koma maso oonera zazikulu za Mulungu ndi omwewo amene timaonera zazing'ono za pakhomo, ndipo munthu amene wawazoloweza kutsinzina pa zapakhomo asadabwe akapeza kuti za kumwamba nazo zachita chifunga. Zaka zimene ndinkapambana mitsutso ndizo zaka zimene pemphero langa lidauma gwa, ndipo sindinkadziwa chifukwa chake.

Mwana woyamba wa achimwene anga adali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pa maliro a bambo wake. Adakulira m'nyumba mwanga, adaphunzira za unamwino, ndipo lero ali ndi banja lake. Mu 2019 adabwera kudzationa pa nyengo ya Khirisimasi. Tsiku lina madzulo, mayi ake aang'ono ali kukhitchini, adakhala pansi pakhonde pafupi ndi mpando wanga. Ndidaganiza kuti afunsa chimene chidapha makolo ake, ndipo yankho ndidali nditalikonza kwa zaka zambiri. Koma iye ndi namwino; chimenecho adachizindikira yekha kalekale.

"Bambo aang'ono," adatero, maso ali pansi, "pamene amayi ankakwatiwanso, ankadziwa?"

Mayankho oona adalipo ambiri. Ndikadati nthawi zija zinthu zidali zovuta. Ndikadati madokotala sankalankhula momasuka, kapena kuti akuluakulu a banja ndiwo adagamula kuti nkhaniyo isatuluke, ndipo zonsezo zikadakhala zoona.

"Sankadziwa, mwana wanga," ndidayankha. "Amene ankadziwa ndine. Ndidaopa."

Adakhala chete nthawi yaitali, akufukula dothi la m'mphepete mwa khonde ndi kamtengo. Kenaka adadzuka n'kulowa m'nyumba. Nsima itapsa adatuluka ndi beseni ndi jagi, adagwada monga amachitira kuyambira ali mwana, n'kundithira madzi m'manja. Za nkhaniyo sadanenepo kanthu usiku umenewo, ndipo mpaka lero sadaitchulenso. Amaimba foni Lamulungu lililonse madzulo, kufunsa ngati ndamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi.